Makatani a Maluwa Achikasu

"Kapumeni kuhotela Loweruka lino, mlamu, mtima ukhale pansi," mayi wina anauzidwa motero ndi mchemwali wa mwamuna wake. "Poti malire atsekedwa, kunja kwathu ndi konkuno basi."

Mayiyo anavomera monyinyirika. Ulendo wake wokaona mwamuna wake kunja unali utalephereka. Chaka chonse ankangomuonera pafoni, nthawi zonse atakhala kutsogolo kwa makatani a maluwa achikasu, ong'ambika pakona.

Atangolowa m'chipinda cha hotelayo, chikwama chinamupulumuka m'manja. Makatani anali omwewo, ong'ambika pakona pomwepo.

Wina anagogoda. "Odi, ndabweretsa mathaulo."

Mawu amenewo akanawazindikira ngakhale ali m'tulo. Pakhomo panaima mwamuna wake, atavala yunifolomu ya okonza m'zipinda, ataonda ngati wodwala.

"Ntchito ya kunja ija inatha, ndinabwerera malire asanatsekedwe," ananong'ona bamboyo. "Ndikanafika bwanji pakhomo chimanjamanja, abale onse atandiperekeza kubwalo la ndege akuimba?"

"Mayi anu anamwalira akutchula dzina lanu," anatero mayiyo. "Ine ndinakweza foni m'mwamba kumanda kuja kuti muone bokosi likutsika. Inu muli muno?"

Bamboyo anatembenukira kuwindo. Kunsi kwake kunkaoneka msewu umene galimoto ya maliro a mayi ake inadutsa.

Nthawi yomweyo kapitawo wa pahotelapo anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Zonse zili bwino, mayi? Mwapeza munthu wodalirika ameneyu. Chiyambireni ntchito pano, sanapemphepo tchuthi ngakhale tsiku limodzi."