Phuma Anafufuta Ulendo wa Achimwene Ake

Panali munthu wina, dalaivala wa galimoto yonyamula katundu, amene anzake ankamutcha Phuma chifukwa sankatha kudikira ngakhale tiyi kuti apole. Nkhaniyi ndi yoona, ndinaimva kwa mnzake wa kuntchito.

Phuma anali ndi mkulu wake, mphunzitsi, yemwe ankakonda magemu a pa TV a ku Japan aja okhala ndi nkhani yaitali. M'magemu amenewa umayenda ndi kagulu ka anthu, n'kumamenya zilombo panjira, koma chokoma chenicheni ndi kuwerenga zimene anthuwo akulankhulana. Amayambana, amakhululukirana, wina amafera anzake, iwe wogwira padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsera gemu, n'kupezeka ukupukuta misozi. Ndipo anthu a m'gulumo umawapatsa mayina wekha.

Kwa Phuma zonsezi zinali kutaya nthawi. Akapatsidwa padi, ankangodina batani motsatizana kuti mawu adutse, afike pomenyana.

"Iwe, werenga kaye," mkulu wakeyo ankatero. "Ukudziwa n'komwe chimene mwayambanirana ndi ameneyu?"

"Achimwene, ndikafuna kuwerenga ndigula nyuzi. Ine ndabwera kudzamenya."

Kenako mphunzitsi uja anadwala matenda a impso mpaka kusiya ntchito. Mkazi wake anamuikira TV ndi makina a gemu kuchipinda, patebulo lomwe panali mankhwala, ndipo anayamba gemu ina yaitali kwambiri. Maso akatopa, mwana wake wamkazi wa ku sekondale ankakhala m'mbali mwa bedi n'kumamuwerengera.

Mphunzitsiyo ankamuimbira foni Phuma kawirikawiri. "Bwera udzaone pamene tafika paulendo wathu wa m'gemuyi."

"Ndibwera Loweruka, achimwene."

Kubwera ankabwera ndithu, tisamunamizire. Koma ankangoima pakhomo la chipinda makiyi a galimoto ali m'manja, kufunsa za mankhwala, basi ulendo. Pa sikirini sankayang'anapo.

Tsiku lina wodwalayo anati, "Ndafika pachitseko chomaliza cha gemuyi. Sinditsegula ndekha, ndikudikira iwe." Loweruka lisanafike, mphunzitsi anatisiya.

Maliro atatha, mkazi wa malemuyo anamupatsa Phuma makina a gemu aja. "Alamu, sungani ndinu, ine ndikamawaona mtima ukundiwawa. Mwana wanuyu akuti akatsekera sukulu mudzatsegule chitsekocho limodzi. Chonde musayatse nokha."

Mtsikanayo anawonjezera, "Bambo aang'ono, gemuyi ili ndi malo amodzi okha osungira ulendo. Mukayamba yatsopano n'kuseva, ya adadi ifufutika."

"Ndamva, ndamva," anatero Phuma, mwendo umodzi uli kale panja.

Lamlungu lina masana anawasowa kwambiri achimwene ake. Anaganiza kuti ayambe gemuyo pachiyambi, aidziwe nkhani yake, kuti mwana akadzabwera asadzachite manyazi. Maganizo anali abwino, koma chala chinali chomwe chija. Mawu atangoyamba kuchuluka, chinayamba ntchito yake. Dina, dina, dina. Pakati pa mawuwo panatuluka funso, ndipo pamene maso ankati aliwerenge, chala chinali chitavomera kale. Anangoona mawu omaliza akuti ulendo wakale wafufutidwa.

Anazimitsa, kuyatsanso, kuzula nthambo, kubwezeretsa, koma ayi ndithu. Anathamangira kwa wokonza mafoni ndi makompyuta, yemwe anayesa pang'ono n'kupukusa mutu. "Bwana, izi zikapita zapita."

Phuma sanauze munthu. Sukulu itatsekera, mtsikana uja anafika akumwetulira, chikwama chili kumsana. Anakhala pampando, kutenga padi, kuyatsa. Pa sikirini panaoneka munthu mmodzi yekha, ataima m'mudzi woyambira, atagwira kandodo.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Mwaseva," anatero motsitsa mawu.

"Mwana wanga, ndikhululukire. Tiyambirenso. Ulendo uno ndiwerenga chilichonse, ndikulumbira."

"Nkhani ya gemu sinapite kulikonse, bambo aang'ono, aliyense atha kuiyamba. Zapita ndi za adadi." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Wochiritsa ovulala anamupatsa dzina la amayi. Wa uta ndinali ine. Adadiwo anali nkhalamba ya chishango, yoyenda pambuyo. Wa lupanga, wotsogolera gulu lonse, anamutcha Phuma."

Mtsikanayo anapitiriza.

"Chida chilichonse chabwino akachipeza ankapatsa inu. Mukavulala ankasiya zonse kuti akuchiritseni, n'kumaseka kuti uyu ndi yemweyo, amangothamangira kutsogolo osafunsa. Ankati ngakhale simukhalitsa, m'chipinda muja muli nawo tsiku lililonse. Mukanangoyang'ana pa sikirini kamodzi kokha, mukanaliona dzina lanu."

Mtsikanayo anaika padi patebulo bwinobwino, n'kunyamula chikwama chake. Phuma anakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene analirira kumanda. Mwanayo anadzamukhululukira, poti magazi ndi magazi, koma chitseko chimene achimwene ake anamusungira sichidzatsegulidwanso.

Phunziro: Kuthamanga sikufika. Wokondedwa wako akakuitana kuti udzaone chimene chimamusangalatsa, kaya ndi gemu kaya ndi chiyani, khala pansi uone, chifukwa mwina wakusungiramo malo. Ndipo ukauzidwa kuti usakhudze, usakhudze. Tumizani uthengawu kwa m'bale wanu amene amangoti "ndibwera Loweruka", auwerenge wonse mpaka kumapeto.