Keke ya Corinne pa Msewu wa Konkire

Gudu-gudu! Gudu-gudu! Chilowereni msewu wa konkire wopita kumzinda wa Sioux Falls, pikiapu ya Verlyn Oberholt inkangodumpha ngati chule. Kalavani yomwe ankakoka ikagwetsa mphuno, galimoto inkatukula yake, kenako n'kusinthana. Mano mkamwa ankachita kuombana.

Msewu umenewu anauthira zigawozigawo, ndipo pamzere uliwonse wolumikizira matayala amamenya. Verlyn ankadana nawo koopsa. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo unamuswera mbale zadothi zomwe mkazi wake Maxine anasiyiridwa ndi malemu mayi ake. Mwezi wathunthu mkaziyo ankangomutsitsira chakudya patebulo osamuyankhula.

Lero mu kalavani munalibe mbale. Munali keke ya nsanjika zitatu, ya ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Corinne. Maxine anaivutikira masiku anayi. Mwambo unali wa 4 koloko masana omwewo, kufamu kwa makolo a mkwati.

"Mayi a Corinne, tikanadzera msewu wa tala uja wa m'minda," anatero Verlyn, chiwongolero atachigwira zolimba.

"Kuti tikafike anthu akutsuka mbale? Yendetsani galimoto, bambo inu."

Verlyn anamuyang'ana cham'mbali. Mkaziyo anali asanalawe kanthu chidzukireni. Maso anali pagalasi loonera kumbuyo, zala zikungofinya chikwama. Anamumvera chisoni. Maxine keke amaidziwa, koma za kalavani ayi ndithu. Bokosi la kekeyo analimata yekha ndi tepi, n'kukaliika patebulo la kumapeto kwenikweni, komwe kumagwedezeka kuposa pena paliponse. Anachita kulumbira kuti wolikhudza aona zakuda.

Ataima pomwetsera mafuta, Maxine anapita kuchimbudzi. Verlyn anathamangira mu kalavani. Mayo! Bokosi linali litatsetserekera m'mphepete mwa tebulo, kutangotsala zala zitatu kuti ligwe. Analinyamula ngati khanda, n'kulikhazika pansi, pakatikati, pamwamba penipeni pa matayala. Analitchinjiriza ndi mapilo onse, mabulangete ndi jekete lake lomwe. Zigubu zamadzi ndi bokosi la zitsulo anazikokera kutsogolo kuti kulemera kutsamire pa cholumikizira kalavani ndi galimoto. Mkazi wake pobwera anamupeza akupukuta galasi ngati munthu wosalakwa.

Atabwerera mumsewu anayamba kusaka liwiro lomwe mizere ija imasiya kuvinitsa galimoto. Pa mamailosi 65 pa ola inkadumpha. Pa 55 ndiye zinanyanya. Anatsitsa pang'onopang'ono, ndipo pa 47 kalavani inadekha, kungotsala kugogoda kwapansipansi.

"Ndiye chiyani chimenechi?" anafunsa Maxine. "Tikuperekeza maliro?"

"Apa ndi pomwe ikugona bwino."

"Thamangani, bambo a Corinne! Nthawi yatha!"

"Ayi."

Pa zaka 34 za banja lawo, mawu amenewo anali asanatulukepo chonchi pakamwa pa Verlyn. Iye mwini anadabwa. Malole akuluakulu ankawapitirira akuliza mahutala, mphepo yake n'kumakankha kalavani cham'mbali. Dalaivala wina anamutukwana ndi chala. Verlyn sanalabadire. Thukuta linkayenderera kumsana, phazi litauma pamalo amodzi, maso pa kamuvi ka liwiro. Anatsimikiza mumtima kuti mwana wake adula keke yathunthu, zivute zitani.

Polowa pa mlatho wina, konkire inali itatukuka. Anaiona mochedwa. Phuu! Galimoto inanyamuka, mitu inagunda denga, ndipo kumbuyo kunamveka chinthu chikugubuduzika.

"Yagwa!" Maxine anamugwira mkono. "Mwamva? Yagwa imeneyo!"

Mawu ake ankanjenjemera. Verlyn ankafuna kumuuza za mapilo aja, koma nanga ikakhala kuti yagwadi, ataisuntha ndi manja ake? Mlandu wonse ukanakhala wake. Anangoti, "Tikaona konko." Mamailosi 60 otsalawo anawayenda pa liwiro lomwe lija la 47.

Anafika kutatsala mphindi 40. Mahema oyera anali atadzaza kale pabwalo. Corinne anatuluka m'nyumba akuthamanga, diresi atalikwinya m'manja, kumbuyo kwake mayi a mkwati ndi azakhali anayi.

"Adadi, keke yanga ili bwanji?"

Verlyn analunjika ku chitseko cha kalavani. Atatsegula anapeza mpando wagwa chagada, mapoto ali mbwee pansi. Koma bokosi linali chilili pakati pa mapilo, losapindika ngakhale pangodya. Anapuma mpweya wautali, misozi ikulengeza. Analitulutsa atalikumbatira, azakhali akuomba m'manja, n'kukalikhazika patebulo lalikulu pakati pa hema.

"Ndinalisuntha muli kuchimbudzi, mayi a Corinne," anatero monyadira, akutulutsa kampeni kodulira tepi. "Mundikalipire mawa."

Maxine anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Nkhope inali itayera mbuu. Anayandikira kukhutu kwake, anthu onse akudikira.

"Mwandipha, bambo inu," ananong'ona. "Galu wathu wadya theka la keke imeneyi m'mawa uno. Ndimadalira msewu uja kuti uigwetse."