Wilibala Pakati pa Kachewere

Zithunzi zonse zinali zitapachikidwa kale pakhoma la holo ya tchalitchi ku Lizulu pamene Pauline anakokanso malaya a mwamuna wake, Gracian.

"Bambo a Jessie, nthawi ikadalipo. Kachotseni chithunzi chanucho oweruza asanalowe."

Gracian ndiye anali wojambula wodziwika pamsika wa Lizulu. Maukwati, ubatizo, zithunzi za ziphaso, zonse zinkadzera kwa iye. Koma kamera yake inali itakalamba, kachitseko ka mabatire kali komanga ndi mphira, ndipo mphoto ya tsikulo inali kamera yatsopano.

Mpikisanowo unakonzedwa ndi gulu la alimi a m'deralo. Mutu wake unali wakuti "Zokolola Zathu", ndipo lamulo linali limodzi: chithunzi chosemphana ndi mutu sichilowa. Anthu anamvera ndithu. Khoma lonse linali kachewere. Kachewere m'matumba, kachewere m'ndowa, kachewere pamutu pa amayi akumwetulira. Apa ndi apo kabichi. Mkulu wina wa ku Biriwiri anayesa kujambula chimanga, koma pakona pa chithunzicho pankasuzumirabe mulu wa kachewere.

Pakati pa zonsezi panali chithunzi cha Gracian: wilibala yakale, yopanda kanthu, itaima yokha m'dimba mokumbakumba. Chogwirira chimodzi chinali chowotcherera, tayala lili matope okhaokha. Munalibe ngakhale kachewere mmodzi.

Chichionereni chithunzicho, Pauline sanamupatse mtendere.

"Kodi wilibala imadyedwa?" ankafunsa m'mawa ndi madzulo. "Anena zokolola, inu jambulani zokolola."

"Zokolola zapita kumsika, mayi a Jessie. Chatsala ndi chimene chinazinyamula. Luso ndi limenelo, kuonetsa chinthu popanda kuchionetsa."

Pauline anafika mpaka podzipereka kuti asenze dengu la kachewere amujambule, chonsecho chithunzi chake chomaliza chinali cha paukwati. Gracian anangomumvera chisoni. Mkazi wabwino, wolimbikira, koma za luso ayi.

Oweruza analowa atatu. Patsogolo panali Bambo Maliro, mkulu wa mpingo yemwe anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, munthu wosanyengerera pa malamulo. Asanapite patali anachotsa chithunzi cha mbuzi.

"Mbuzi sitikolola," anatero, napitirira.

Pauline anayamba kudzikupiza ndi nsonga ya chitenje ngakhale m'holomo munkazizira.

Pa kachewere Bambo Maliro ankangodutsa ngati akuchedwa basi. Koma atafika pa wilibala anaima. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso. Anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza chithunzi. Anabwerera m'mbuyo, manja kumsana, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Oweruza anzake anadikira mpaka kutopa, koma mkuluyo sanasunthe.

"Waona?" Gracian ananong'oneza osatembenuka. "Munthu woyenda amadziwa zinthu."

Kenako Bambo Maliro anakodola akazi awo, omwe anakhala mpando wakutsogolo.

"Mayi, tabwerani mudzaone kuno."

Mayi Maliro anafika, nayang'ana, nagwira pakamwa. "Mayo ine!"

Basi anthu anadzuka m'mipando. Aliyense anafuna kuona chithunzi chomwe chagwiritsa pakamwa mayi wamkulu ngati ameneyo. Eni kachewere anayamba kung'ung'udza kuti akanadziwa akanajambula makasu. Mkulu wa chimanga uja ananena mokweza kuti nayenso wilibala ali nayo kunyumba, yabwino kuposa imeneyo.

"Wajambula ichi ndani?" Bambo Maliro anafunsa.

Gracian anakonza kolala, nadutsa pakati pa anthu mosafulumira. M'maganizo mwake kamera yatsopano ija inali kale m'khosi.

"Ndine, bambo."

"Tatiuzani bwino za chithunzichi."

Mpata umenewo Gracian anali atauyembekezera kwa nthawi yaitali. Anafotokoza kuti mutu wa mpikisano si khola lotsekeramo wojambula, koma khomo lotulukirapo. Anati aliyense angathe kujambula thumba lodzaza, koma ndi ochepa amene angajambule thukuta. Analoza chogwirira chowotcherera chija, nati ndi chipsera cha mlimi. Analoza matope a patayala, nati ndi ulendo wa kudimba ndi kumsika. Mayi wina kumbuyo anaombera m'manja.

Bambo Maliro ankangogwedeza mutu.

"Ndiye munaijambulira kuti?"

"Kudimba kwanga, bambo. Sindinasinthe kanthu. Mmene mukuionera ndi mmene ilili."

"Ilipo mpaka pano?"

"Ilipo, kuseri kwa nyumba. Timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku."

Mkuluyo anamugwira dzanja ndi manja awiri, nalisunga nthawi yaitali, maso ali m'maso.

"Mwana wanga, mwatithandiza kwambiri. Pampikisano chithunzichi sichilowa, poti mulibe zokolola. Koma wilibalayi ndi yathu. Akazi anu anabwereka chaka chatha, kenako anabwera akulira kudzatiuza kuti mbava zaba."

Gracian anatembenuka kuti afunse. Pampando wa Pauline panalibe munthu.