Maluwa a Loweruka

"Natsuho, akochi akukufuna. Ndipotu anyamula maluwa!" anatero mnzake Kotone, maso ali tong'o.

Natsuho ananyamuka kupita kwa akochiwo. Kutimu yawo ya volebo ku Osaka, maluwa amangopatsa wosewera amene akumutsanzika basi. Ndiye kuti adziwa za bondo lake lovulala lija! Abale, miyezi itatu yathunthu akulibisa, ndipo ankadziwa ndi a Mizue okha, kaputeni wawo, amene ankamumanga bandeji kuseri m'mawa uliwonse.

"Achemwali, mwandiulula?" ananong'oneza Natsuho atawapeza a Mizue pakhomo pa ofesi ya akochi.

"Iwe, ndine wailesi ine? Lowa, koma usatsimphine."

Natsuho analowa n'kuwerama mpaka tsitsi kukhudza mawondo. Akochi anamupatsa maluwawo. Misozi inangoti chuu.

"Ukulira chiyani? Awa ukapereke kwa Mizue Loweruka masewero akatha, pamaso pa anthu. Zaka zake zapita. Malo ake tapatsa iwe, tikufuna wa miyendo yolimba."

Natsuho anacheuka. A Mizue anali pakhomo pomwe paja, akupinda bwinobwino bandeji yoti adzamumange mawa.