Dzina la Pansi pa Chitsulo

Kutada, Bupe anabwerera ku shopu ya zitsulo ku Kitwe, mtima ukuwira. Kwa masabata awiri ankajambula pa kompyuta khosi la chigayo, pamwamba lozungulira, pansi la ngodya zinayi, luso lochita kudziphunzitsa yekha. Koma masanawo Kangwa, mnzake wodyera naye mbale imodzi, anauza abwana kuti ntchitoyo ndi yake.

Chimene Kangwa sankayenera kudziwa n'chakuti Bupe amalemba dzina lake kunsi kwa chilichonse chimene wajambula, kumene anthu sayang'ana. Ankafuna kusindikiza mbali imeneyo, m'mawa akaiponye patebulo pa abwana.

Anapeza kompyuta yake ili yoyatsa, munthu ali pampando atamufulatira. Jeketeyo anaidziwa.

"Ba Kangwa! Nthirakuwiri iwe, masana waba, usiku wabwera kudzafufuta?"

"Ndikufuna kunsi kwake, mlongo," anayankha, mawu ali zii. "Sindikukupeza."

Khosi lija linkatembenuka pagalasi la kompyutayo. Pamwamba panali pozungulira. Likagadabuka, pozunguliranso. Ngodya zinayi zija panalibe, dzina lakenso panalibe.

"Uzindiyang'ana ukamayankhula nane!"

Bupe anazungulira tebulo kuti amuone m'maso, koma anaona nkhongo. Anabwerera kumene anachokera. Nkhongo yomweyo, ndi kachipsera kake ka lumo.

"Bupe," mawu anatulukira m'tsitsi, "kodi dzina lako lija limayamba ndi chilembo chanji?"

Bupe anatsegula pakamwa kuti amulalatire. Chilembocho sichinabwere.