Chipewa cha Che Sufiyani

Che Sufiyani atagwa pakati pa msika wa Nselema, anthu anafa nacho chiseko.

Kwa zaka makumi atatu anali akugwa choncho mwadala poseketsa anthu tsiku lililonse la msika: nkhope yopaka ufa, nsapato zazikulu ngati za m'mafilimu akale opanda mawu aja, osalankhula ngakhale liwu limodzi. Koma chipewa chawo sichinkakhudza pansi. Ankagwa, kugubuduzika, n'kudzuka chipewa chili m'manja.

Tsiku limeneli chipewa chinagubuduzikira m'ngalande.

Saida, mwana wawo, anataya beseni la tomato n'kuthamangira pomwepo.

"Thandizeni! Bambo anga akufa!"

Chiseko chinangokulirakulira. Ena anakweza mafoni kuyamba kujambula.

"Lero sewero alowetsamo ndi mwana yemwe!" anatero mayi wogulitsa usipa, akupukuta misozi.

"Iyayi! Si sewero ili!" Saida anagwira mkono wa munthu wa kabaza. "Achimwene, chonde, tiwatengere kuchipatala."

"Dikirani kaye, achemwali, tione m'mene adzukire."

Saida anagwada n'kuika mutu wa bambo ake pamiyendo pake. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, thukuta likudula mizere mu ufa uja. Kwa nthawi yoyamba pamaso pa anthu, Che Sufiyani ankayesetsa kulankhula, koma mawu osatuluka.

"Ababa, nenani kanthu," Saida analira. "Liwu limodzi lokha, anthuwa akhulupirire."

Diso la bambo akewo linangoti tong'o pa chipewa m'ngalande muja.

Msika wonse unayamba kuwomba m'manja.