Wailesi ya Talandira

Muulutsi anali atayamba kale kuwerenga mauthenga a maliro, koma wathu unali usanafike. Ndinakhala pakhonde kwathu ku Malomo, foni m'manja, wailesi pamiyendo.

Amayi tinkayenera kuwaika mawa lake masana, ndipo mlongo wanga Talandira sankadziwa kuti amwalira. Anali ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu, sitinkadziwa kuti iti, ndipo foni analibe.

"Pa Fesibuku pakopo uthengawu auona angati?" anafunsa amalume a Solomoni.

"Anthu 312."

"Ndani amenewo?"

Ndinayang'ana mayina. Ambiri anali anzanga a ku koleji, amene sanandifunepo chisiyireni sukulu. Aliyense anaika kachithunzi ka nkhope yolira. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa njira ya ku esiteti.

"Wailesi imamveka dziko lonse, mphwanga," anatero amalume. "Anthu mamiliyoni. Ngakhale wosoka fodya m'chigafa amamva."

Kenako dzina la amayi linatuluka, ndi la mudzi wathu, ndi mawu akuti Talandira abwere msanga kulikonse kumene ali. Amalume anapumira m'mwamba.

Ine maso anali pa chotsekera mabatire, chomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje cha Talandira. Wailesiyi inali yake. Tsiku limene ankakwera lole kupita ku esiteti anandisiyira, akuti munthu wa ku koleji asamaphonye nkhani.

"Wamva ameneyo," anatero amalume.

Muulutsi anabwereza uthengawo, ndipo ndinakweza wailesi mpaka pamapeto.